Tsiku Limene a Zuleka Anabereka Wamoyo

M'mudzi wina wa asodzi kufupi ndi Lifuwu munali mayi amene aliyense ankawalemekeza koma palibe ankawafuna pakhomo. Musadabwe. A Zuleka ndiwo ankasambitsa maliro a amayi ndi ana a kumzikiti, kuwakulunga m'sanda asanapite nawo kumanda. Masiku ena onse ankayanika usipa pathandala ngati anzawo, koma ukawaona akukhotera kwanu mwana ali gone, mtima unkangoti myuu. Iwo ankadziwa zimenezi, ndiye odwala sankawazonda. Ankangotumiza moni.

Anali mayi wamfupi, wa pakamwa posazungulira. Mphatso ya mwana sanaione, ndipo ukwati unatha kalekale pa nkhani yomweyo.

Dzinja la 1984 linawalemera. Madzi anadzaza m'minda ya mpunga, udzudzu nkuchuluka ngati utsi, ndipo sanda zimene ankang'amba zinali zazifupizifupi. Chimene chinkawadya mumtima nchakuti pomusambitsa mwana, mayi wake ankalira mawu amodzimodzi: kolorokwini ndinamumwetsa yense, mpaka anadzikanda thupi lonse, nanga ndinalakwa chiyani ine? Kale mankhwala amenewa ankathyola malungo osabwereranso. Tsopano mwana ankadzuka, nkusewera masiku angapo, kenaka thupi nkutenthanso kuposa poyamba. Koma zaka zimenezo kunena poyera kuti mankhwala a boma afooka kunali kuputa mavu. A chipani anali ndi makutu paliponse, ndiye anthu ankangoti nkufuna kwa Mwini wake.

Kenaka pachipatala chaching'ono cha kumeneko panafika a Binwell, othandiza adokotala ochokera ku Dedza, atanyamula makina oonera tizilombo m'magazi. Anatumidwa kudzafufuza ngati tizilombo ta malungo tayamba kupirira kolorokwini, ndiponso madera ake. Ntchito yake inali yosavuta kumva. Mwana wotentha thupi ankamubaya pachala, nkumumwetsa mankhwala iwo akuona, ndipo pakatha sabata ankamubayanso kuti aone ngati tizilombo tafa. Pakhoma anapachika mapu, ndipo mudzi umene tizilombo tapulumuka ankaubaya kasingano kofiira.

Vuto linali ulendo wachiwiriwo. Kunawanda mphekesera yoti magaziwo akukagulitsidwa ku Joni. Amayi ankabwera koyamba, kachiwiri osaonekanso, a Binwell nkumangoyang'ana njira.

Mmodzi mwa ana osabwereranso anali Jamila, kamwana ka Salma, mayi wachitsikana woyandikana ndi a Zuleka. Amuna ake ataona kabala pachala cha mwana anakalipa, nasamutsa banja kupita kumsasa wa asodzi kumene ankatsata usipa. Sipanapite nthawi, a Zuleka anamva kwa ogula nsomba kuti kamwanako kagweranso pansi, ndipo makolo akungokamwetsa kolorokwini yemweyo wa kugolosale.

Anapita kwa a Binwell nkuwafunsa mosabisa ngati alipo mankhwala ena. Iwo anati kwinini alipo, koma mwanayo abwere aone magazi ake, ndipo akati apite okha kumsasako asodzi akawalandira ndi nkhafi. A Zuleka anathamangira kwawo. Anamanga mpango, natenga chitenje chapadera, nayamba ulendo wa mumchenga dzuwa likuswa mtengo. Mantha anali nawo, osanama. Ankadziwa chimene nkhope yawo imatanthauza pakhomo pa wodwala.

Salma atawaona patali anadziponya pakhomo pa chisakasa, manja atatambasula.

“Sanafe! Mayi, bwererani, mwana wanga sanafe!”

Amuna amene ankasoka ukonde anasiya. Mwamuna wa Salma anadzuka nkuwafunsa ngati abwera kudzachita malodza. A Zuleka anaima pomwepo, phuma lili wefuwefu, nayang'ana mayi wa mwana.

“Ndikudziwa kuti sanafe, nchifukwa chake ndabwera lero. Mukadikira mawa mudzandituma nokha, ndipo ndidzabwera ndi sanda. Ndatopa, Salma. Ndipatse mwanayo akadali wotentha.”

Mwamunayo anayambanso za magazi ogulitsidwa ku Joni, koma a Zuleka anamufunsa kuti kadontho kosakhutitsa ngakhale udzudzu angakagule ndani, ndipo ndi uti wamutha mwana magazi, a Binwell kapena malungo. Anamuuza kuti atsegule chikope cha mwanayo aone yekha. Anatsegula. Munali mbee ngati ufa. Bamboyo anakhala pansi.

Salma anamunyamula Jamila yekha nkumuika pamsana pawo. Apa ndiye panali zoseketsa, chifukwa mayi wamkulu ngati ameneyo kubereka sankadziwa. Chitenje anachimanga m'munsi, mwana nkumatsetsereka, mpaka Salma anachimasula nkuwamangira bwino, akuseka uku misozi ili chuchuchu. Anayenda onse awiri, mutu wa mwana ukuwaotcha a Zuleka pakhosi, iwo akungopempha Allah chamumtima kuti usazizire.

A Binwell atayang'ana m'makina anapukusa mutu. Tizilombo tinali yakaliyakali, ngati mwanayo sanalawepo mankhwala. Anamuyamba kwinini nthawi yomweyo, ndipo pambuyo pake anabaya kasingano kofiira pamapu. Amayi ena atamva kuti osambitsa maliro abweretsa mwana kuchipatala, anayamba kubweretsanso awo kachiwiri, ndipo tisingano tinachuluka m'mbali mwa nyanja monsemo. Koma kuti mankhwala asinthidwe m'dziko lonse panapita zaka, ndipo sanda zazifupi a Zuleka anang'ambabe zambiri. Zimenezo zimapweteka mpaka lero.

Jamila anagona masiku angapo osazindikira munthu. M'mawa wina anadzuka nkulirira phala mokalipa, ndipo atadya anakana amayi ake, akulozera msana wa a Zuleka. Anamubereka, tsopano atamanga okha chitenje, nazungulira naye kuseri kwa chipatala. Asanapite patali kamwanako kanawakodzera msana wonse, mpaka madzi kutsikira m'miyendo. Salma anachita manyazi, nathamanga kuti amutenge, akupepesa.

A Zuleka anamukaniza.

“Musiye, mwana wanga, musiye. Ana onse amene ndagwira ndi manja awa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandikodzerapo.”