Mzere Umene Ndinaudumpha

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6, kwathu ku Chikweo. Pakhomo pathu wodziwa kuwerenga ndinali ndekha, ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba chifukwa cha zimenezi.

Ababa ankadwala shuga. Mwezi uliwonse ankapalasa njinga mtunda wautali kukatenga mapilitsi kuchipatala, n'kubwerako ali wefuwefu, akudandaula kuti ndi mankhwala anji osatha ngati kupalira.

Tsiku lina amayi anagula usipa wokulungidwa m'nyuzipepala. Papepalapo panali chithunzi cha manjano, mizu yachikasu imene ankathira mumpunga pa Idi. Ababa anandiitanira pakhonde kuti ndiwawerengere. Pepalalo linkanunkha nsomba, koma mawu ankaoneka bwinobwino. Linkati akatswiri apeza kuti m'manjano muli zinthu zoteteza thupi, zimene zingathandize kutsitsa shuga m'magazi. Mzere wotsatira unkati izi anayesera pa makoswe, pa anthu sanatsimikize.

Kwathu mwana sangafanizire bambo ake ndi khoswe, chinyama chakuba m'nkhokwe. Mzerewo ndinaudumpha.

"Ndiye kuti amachiza?" anafunsa ababa.

"Eya, amachiza," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Kuyambira pamenepo amayi ankasinja manjano m'mawa uliwonse n'kuwawiritsa m'madzi, zala zawo zili chikasu chokhachokha. Ulendo wa kuchipatala unathera pomwepo. Ababa ankauza anzawo akamatuluka mumzikiti kuti pakhomo pawo pali dokotala, ine n'kumamwetulira.

Kenaka ababa anayamba kumva ludzu losatha, ngakhale amwe madzi ochuluka bwanji. Chitsa chinawabaya phazi m'munda wa chinangwa, ndipo bala lake, laling'ono ngati njere ya chimanga, linakana kupola. Pamene ankawatengera kuchipatala, phazi linali litada. Anawadula mwendo. Namwino anauza amayi modekha kuti manjano si oipa, koma salowa m'malo mwa mapilitsi.

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula za mzere uja, misozi ili chuchuchu. Ababa anangoyang'ana kudenga. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikalipira.

"Zisiyetu mwanangu," anatero, "khoswe likanandichotsera chiyani? Ukanangolitchula."

Anamwalira thonje lisanathyoledwe.

Anthu amanditonthoza kuti ndinali mwana, kuti ababanso anali atatopa kale ndi njinga ija. Mwina n'zoona, koma mtima wanga suvomera. Panopa amayi nawonso ali ndi shuga, ndipo pepala lililonse la kuchipatala ndimawawerengera ndine. Ndimawerenga lonse, ndi mawu omwe amene mwana sayenera kutchula pamaso pa kholo lake. Nthawi zina amandidzudzula kuti ndilibe ulemu. Ndimangopitiriza, chifukwa ndinazindikira mochedwa kuti kholo lokwiya umadzalipepesa mawa, koma kumanda kulibe kopepesera.