Timiyala tili m'manja

Achimwene, lero ku msika wa Furancungo ndaona anyamata akukangana za malamulo a bawo, mtima wanga n'kubwerera kwathu ku Chidzolomondo nthawi ya nkhondo. Tsiku lija tinkasewera pamaenje okumba pansi. Agalu atayamba kuuwa ndinati, "Tiyeni tithawe." Munaseka. "Iwe umaopa ndi mthunzi wako womwe. Atate anati munthu saimirira timiyala tili m'manja, ndi mwano. Tsogola, ndimalize kugawa." Ndinatsogola. Amfuti anakupezani pomwepo, nakusenzetsani katundu wawo kulowa m'tchire.

Mwambo umenewo sunalembedwe paliponse, koma unandilanda inu. Manda anu sindikuwadziwa, achimwene. Amayi anamwalira akundifunsabe ngati muli ndi chofunda kumene muliko.