Diresi Lomwe Linaluma Azakhali

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu n'kumayenda pouma pamene pankadutsa mabwato, ndi chaka chimene ine ndinayenera kulowa m'banja. Mnyamata wake anali wa ku Songani, ankagula mpunga kwathu ku Likangala n'kumakagulitsa pamsika. Ndinkamukonda, sindibisa. Iyeyo ndiye anandigulira diresi la nayiloni lobiriwira, loti ndidzavale tsiku limene abale ake adzabwere kwa amalume anga kudzakamba za chinkhoswe.

Diresilo linali lokongola koma lamwano. Nditaliyesa linandimata m'ntchafu ngati ulimbo. Ndikalikoka linkathetheka, n'kubwereranso pomwepo, ubweya wa pamkono uli njo. Unali mwezi wa Okutobala, mphepo youma ikuchokera kunyanja ndi fumbi lamchere, ndipo fumbi lonselo linkathamangira pa diresi langa.

Amayi atandiona anagwira pakamwa. "Iwe, ukagwada chonchi pamaso pa apongozi? Thupi lonse lili poyera!" Anapita kukabwereka mapitikoti awiri, onse a nayiloni yemweyo, kuti ndivale m'kati. Diresi analichapa n'kuliyanika padzuwa tsiku lonse mpaka linauma gwa. Kenaka anati mkazi wa munthu wa pamsika sangaonetse ming'alu ya kuphazi, n'kundigulira nsapato za pulasitiki. Ine wake amene ndinakulira m'matope a mpunga wopanda nsapato!

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, mnyamata uja ali nawo. Wamkulu wawo anali azakhali ake a mnyamatayo, amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo mawu awo ndiwo anali omaliza. Anawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinatuluka m'nyumba zovala zikukhulana thethethe, ndinagwada bwinobwino, dzanja lamanzere litagwira chigongono, n'kupereka moni.

Thwa!

"Mayo ine! Wandibaya ndi chiyani mwana iwe?" anakuwa azakhali aja akukupiza dzanja. Inenso chinali chitandiluma ku nsonga ya chala. Ndinatambasula manja kuti aone kuti ndilibe singano kapena munga. Amalume anaseka kuti nkhani ipole, n'kundituma madzi akumwa. Ndinapita, ndinabwera, ndinagwadanso ndi kapu yachitsulo. Atangoikhudza, thwa kachiwiri, kapu pansi, madzi onse pa chitenje chawo chatsopano.

Anaimirira akukutumula chitenjecho. "Bambo, mwana wanuyu wasamba mankhwala. Mwana wathuyu wamudyetsa kale kondaine, tsopano akufuna ndi ife tomwe."

Amayi analumbira, amalume anatchula mpingo wathu ndi ubatizo wanga, koma ayi ndithu. Ine maso anali pa mnyamata uja. Tsiku limene ankanditulutsira diresilo m'jumbo linamuluma iyenso, ndipo tinaseka tonse awiri. Mawu amodzi okha akanakwana: azakhali, ndi nsaluyi, inandilumanso ine. Koma mwamuna wamkulu ndi ndevu zake anangowerama, n'kumakanda pansi ndi kamtengo. Mtima unandiwawa kuposa mawu a azakhaliwo.

Zimandipsetsa mtima mpaka lero, makamaka chidziwireni chifukwa chake. Mwana wa mchemwali wanga, amene anaphunzira za sayansi, anandifotokozera posachedwapa kuti nayiloni akamakhulana kouma amasunga magetsi, ndipo pulasitiki wa kuphazi amawatsekera njira yolowera m'nthaka. Akuti masiku ano nsalu zina amazikuta ndi kapulasitiki kopyapyala kodutsa magetsi, kosakaniza ndi fumbi la zitsulo losaoneka ndi maso, kuti motowo uzituluka pang'onopang'ono osaluma munthu. Ndinamufunsa kuti nanga anzeruwo anali kuti nthawi imeneyo? Ndiye kuti chilichonse chimene amayi anachita pofuna kundilemekeza chinkangowonjezera moto. Ndikanatuluka ndi chitenje changa chakale, mapazi ali pa dothi, bwenzi nkhani itatha bwino.

Alendo ananyamuka osalawa ngakhale thobwa. Ndinadikira sabata, ina, inanso, khutu lili kumsewu kumvetsera belu la njinga ya mnyamata uja. Amene anabwera anali mlongo wake, ndi uthenga wakuti azakhali akana, ndipo popeza zatha, ndibweze diresi. Aaa, munthu wosowa manyazi! Ndinalikulunga n'kumuponyera kumapazi.

Mvula itayamba, madzi atabwerera m'minda ya mpunga, tinamva kuti wapeza wina wa kwa Kuntumanji konkuno. Mnzanga amene anali nawo pa chinkhoswe chawo anandiuza kuti mtsikanayo anavala diresi lobiriwira lija. Kunja kunali chinyontho, nsalu inangogwa bwinobwino mpaka m'miyendo, osathetheka n'kamodzi komwe. Azakhali anamugwira dzanja nthawi yaitali, n'kuuza anthu onse kuti uyu ndiye mwana wa manja ozizira.