Thadzi Lakuda ndi Chitsulo cha M'ntchafu Mwanga

Ndiulule lero, poti manyazi ananditha kale pamodzi ndi mano a m'mbali: ine bambo wa zidzukulu, wobatizidwa, woti ndinafikako Sitandade 4, ndinakhulupirirapo ndi mtima wonse kuti mwendo wanga wakumanzere sungaponde pansi pokhapokha nkhuku italoleza. Sekani, koma musekere chapansipansi, chifukwa ena a inu mumakhulupirira zoposa pamenepa.

Mphamvu zanga zonse ndinathera ku Likhubula, kusenza zikwama za alendo kukwera nazo phiri. Ndakwerapo m'chiperoni miyala ikuterera ngati therere, ndatsikapo nditabereka mzungu wotupa phazi, koma sindinagwepo ngakhale kamodzi. Tsono fupa linadzathyokera kuti? Pa Nkando, pamalo osalala ngati tebulo. Ndinkaoloka msewu ndi dengu la zinanazi pamutu, wa kabaza wa njinga yamoto atanyamula anthu awiri ndi mbuzi anangonditi phaa! Mbuzi inadzuka n'kuthawa. Zinanazi zinatoledwa ndi anthu achifundo, ndipo chifundo chawocho chinawafikitsa nazo mpaka kumakwawo. Ine ndinatsala pansi, ntchafu itapindika pamalo pomwe Mulungu sanaikepo bondo.

Kuchipatala cha kuno anangondimanga n'kunditumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Kumeneko anandilowetsa m'wodi ya mafupa. Amuna anali ndandanda chagada, miyendo itakokedwa ndi zingwe, kumapeto kwa chingwe kukulendewera thumba la mchenga, kwina chigubu cha madzi. Woyandikana nane anati anagona pamenepo chimanga chisanamasule, ndipo apa n'kuti anthu akudya chowotcha. Ming'alu yonse ya kudenga ankaidziwa ngati ana ake.

M'mawa mwake kunabwera adokotala a mafupa, mayi wachitsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachitatu, wolankhula Chichewa cha pa wailesi.

"Agogo," anatero, "pali njira ziwiri. Yakale ndi iyi mukuionayi, yogona n'kumakokedwa. Ina ndi yoti tilowetse chitsulo chachitali m'kati mwa fupa, muja mumakhala mafuta, n'kuchimanga kumtunda ndi kumunsi. Tikuchita kafukufuku wofuna kuona momwe anthu oikidwa chitsulo akuchilira. Mukalola, tizikuitanani kudzakuonani ndi kukufunsani mafunso."

"Ndiye mukufuna muphunzirire pa ine?"

"Kuphunzira tinamaliza, agogo. Tikufuna tidziwe ngati zomwe tinaphunzirazo zili zoona kuno kwathu."

Ndinayang'ana mnzanga wa ming'alu uja, ndinayang'ana chigubu chake, n'kupempha cholembera. Ndinasayina ndekha, osati zodinda chala, ngakhale kuti dzinalo linadya mizere iwiri.

Za ku fiyeta sindingakuuzeni zambiri. Ndinangomva kugogoda ngati kwa akalipentala, ine m'chiuno kutsika m'munsi ndili zii. Chomwe chinandidabwitsa n'choti patangopita masiku awiri adokotala aja anabwera ndi ndodo ziwiri zoyendera, akuti ndidzuke.

"Mwana wanga," ndinatero, "dzana lomweli mumandikhoma ngati chitseko, lero mukuti ndivine?"

"Fupa limafuna kulemedwa pang'ono, agogo. Likamva kuti likufunikabe ndi pomwe limalumikizana msanga. Muziponda tsiku lililonse, muzipinda bondo. Mukaligoneka bondoli liuma, ndipo likauma ndiye nkhani ina."

Ndinayenda masitepe angapo m'wodimo, mano ali gwa, cholinga anditulutse. Ananditulutsadi.

Kunyumba ndi komwe nzeru zinandichulukira. Munthu akagona pamphasa tsiku lonse mutu umagwira ganyu yomwe sunapemphedwe. Ndinati: chitsulo ndimachidziwa ine, ndakhala ndi njinga. Chitsulo chimagwira, koma sichilumikiza nyama ya munthu. Nanga munthu n'kuvulala pamalo osalala chonchija, palibe wina waikapo dzanja? Choncho ndinatuma uthenga ku Limbuli kwa mkulu wina wolunga mafupa, yemwe nzeruzo akuti bambo ake anaoloka nazo kuchokera ku Mozambiki. Akazi anga, omwe ndi a kutchalitchi kwambiri, atamva anangoti, "Ine sindikuona kalikonse. Ndili kumunda." Koma kumundako sanapite. Anakhala pamtondo, maso ali pa ife.

Mkuluyo anafika pa njinga, atavala jekete, ndi chikwama chonga cha anthu a mu ofesi. Anandisisita ntchafu, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza kuti mmisiri wina waononga kale ntchito. Kenaka anafunsa ngati pakhomo pali nkhuku yakuda. Inalipo imodzi, thadzi la akazi anga lomwe linkaikira mazira osaphonya. Analigwira, n'kungoti khwa! mwendo wakumanzere. Thadzi linalira, akazi anga anatseka maso. Analimanga ndi timitengo ta nsungwi, anapaka mankhwala akuda pa mwendo wake ndi pa wanga, n'kuliika m'dengu pakhonde pafupi ndi mphasa yanga.

"Tsopano inu ndi iyi ndinu munthu mmodzi," anatero. "Tsiku lomwe idzaponde pansi, nanunso mudzaponde. Koma mukaitsogolera, fupa lidzamasuka ngati mtolo wa nkhuni."

"Koma adokotala anati ndiziponda tsiku lililonse."

"Adokotalawo ali ndi nkhuku?"

"Sindinawafunse."

"Basitu."

Anakwera njinga yake, n'kumapita. Ndodo zija ndinazitsamiritsa kukhoma, ndipo zinayamba ntchito yoyanikapo matawulo.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kachiwiri. Pofuna kuti thadzi lichire msanga, ndinayamba kulidyetsa ngati mlendo wa boma. Mtedza wosenda kale, mpunga wa m'mbale mwanga, ngakhale usipa ndinkaligawira. Madzi ankalipeza m'dengu momwemo. Tsono tandiuzani, nkhuku yomwe moyo wake wonse yakhala ikupalasa fumbi kufuna kanyerere kamodzi, lero chakudya chikuitsata pogona, ingadzukirenji? Linanenepa, nthenga zinayamba kunyezimira, maso ankangotsinzina ngati bwana wa ku esiteti ya tiyi akumvera madandaulo a otchola masamba. M'mawa uliwonse ndinkalinyengerera. "Achimwene, tayesaniko lero. Phazi limodzi lokha." Ilo linkangondiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutsegula kukamwa kuti ndiikemo mtedza.

Ine ndinkafota. Mwendo unaonda ngati mpini wa khasu. Zopita kuchimbudzi musandifunse. Ndingoti panali chidebe, ndipo wonyamula chidebecho anali mayi yemwe ndinamulonjeza pa ukwati kuti ndidzamusamala.

Tsiku loitanidwa kuchipatala litakwana, anthu anachita kundinyamula kukandiika mu minibasi. Adokotala anajambula fupa, n'kuonetsa chithunzicho poyera.

"Fupa likugwirana bwino. Mukuyenda, agogo?"

"Kwambiri. Dzulo ndinafika mpaka ku mlatho."

Anayang'ana ndodo zija, zomwe tinabwera nazo. Anatenga ndodo imodzi, n'kuitembenuza. Mphira wa kunsi unali watsopano, mizere yake yonse ilipo. Anagwira kuphazi kwanga, kunali kofewa ngati kwa khanda. Kenaka anayesa kupinda bondo. Ndinakuwa m'chilankhulo cha agogo anga chomwe ndinkaganiza kuti ndinaiwala.

"Mlatho wakewo uli pakhonde?" anafunsa akuseka. Kenaka anasiya kuseka. "Ndikuuzeni zoona, agogo. Mukagona mwezi wina umodzi, bondo ili silidzapindikanso. Chitsulo chathu chidzakhala bwinobwino, fupa lidzakhala bwinobwino, koma inu simudzanyonyomalanso mpaka kumanda. Chavuta n'chiyani?"

Ndinati ndi nyengo. Akazi anga anali pa benchi, atapinda manja, akuyang'ana pansi. Sananene kanthu kuchipatalako, sananene kanthu mu minibasi, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kumeneko ndiye kuopsa kwenikweni.

Sabata yonseyo ndinavutika mumtima. Ndikaponda, fupa limasuka. Ndikapanda kuponda, bondo liuma. Ndinayesa kulichepetsera chakudya thadzi lija kuti mwina njala ilidzutse, koma linangokwiya, n'kundijompha chala.

Lamulungu kunacha ndi chiperoni, phiri lonse litabisala. Akazi anga anafunditsa dengu lija chitenje, akuti wodwala mnzanga angazizidwe. Ndinaona kuti mtima wawo wayamba kufewa, ndipo ndinawayamika. Nditadzuka ku tulo ta masana, ndinamva fungo lomwe linali litasowa pakhomo. Nkhuku ndi mpunga!

"Yachokera kuti?"

"Achemwali anga abweretsa, akuti adzazonde odwala. Idyani."

Inali yonona, abale, mafuta ali tayetaye pamwamba pa msuzi. Ndinati achemwali anuwo nkhuku zawo amazidyetsa chiyani? Anati sakudziwa. Ndinadya ntchafu imodzi, n'kufufuza inzake m'mbalemo, osaipeza. Anati anailawa pophika. Ndinafuna kupatsako mnzanga wa m'dengu kampunga ka msuzi, koma anandiletsa. "Yagona. Odwala amafunika tulo."

M'mawa mwake dzuwa linawala. Akazi anga anavundukula chitenje, ndipo ndinaona chozizwitsa ndi maso angawa. Thadzi lakuda linadzambatuka, linakutumula timitengo ta nsungwi, n'kudumpha m'dengumo. Linathamanga pabwalo ndi miyendo yonse iwiri, mpaka kuseri kwa nkhokwe! Ndinaliitana ndi mtedza m'manja, silinacheuke n'komwe. Linkandithawa ngati silinandionepo. Sindinadabwe. Ndasenzera anthu ambiri katundu m'phiri muja, ndipo ndikudziwa momwe munthu amaiwalira akangofika pansi. Ndinaonanso kuti laphwa thupi usiku umodzi wokha, koma ndinati ndi mphamvu ya mankhwala.

"Ndodo!" ndinakuwa. "Chotsani matawulowo!"

Musaganize kuti ndinangodzuka n'kuthamanga ngati thadzilo. Bondo linali litayamba kale kuuma, ndipo kulipinda kunali ngati kuwongola nsungwi yokhwima. Akazi anga anasanduka kapitawo. M'mawa ankandikhazika pampando, n'kumakankha phazi langa cham'mbuyo pang'onopang'ono, ine ndikuitana makolo onse a mbali ziwiri. Ndikati lero ndipume, ankangoloza pabwalo. "Mnzanu uyo akupalasa. Inu mukufuna akusiyeni?" Ndinayamba ndi kufika pamtondo, kenaka kuchimbudzi ndekha, tsiku lomwe ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi m'katimo. Kenaka ndodo imodzi. Pomwe mapeyala amayamba kupsa, ndinafikadi ku mlatho uja ndinanamizira.

Ulendo womaliza wa kafukufuku ndinalowa m'chipinda cha adokotala ndi miyendo yanga. Anandifunsa mafunso a papepala lawo. Mumatha kusamba nokha? Mumamva kuwawa? Muli ndi nkhawa? Ndinati nkhawa ndili nazo, koma ndi za feteleza. Anati pakati pa ziro ndi handiredi, moyo wanga ndikuuika pati? Ndinati afunse akazi anga, ndi omwe amasunga manambala a pakhomo. Kenaka anati ndinyonyomale pansi, ndiyang'ane foni yawo, ndimwetulire. Akuti chithunzi chotero chimauza madokotala anzawo akutali kuti fupa lapoladi, chifukwa munthu wa fupa losapola sangachite ziwirizo nthawi imodzi. Ndinatsika pang'onopang'ono, bondo likudandaula, koma ndinafika. Ndinamwetulira ndi mano onse asanu ndi limodzi. Ngati kunja kuli anthu ophunzira omwe akuyang'ana chithunzi cha nkhalamba itakhala ngati ili pa chimbudzi, ikusekerera, ameneyo ndine.

Chisangalalo chinandimasula pakamwa. Ndinawauza adokotala zonse, za mkulu wa ku Limbuli, za thadzi, za tsiku lomwe linadzuka.

"Mulembe m'kafukufuku wanuyo," ndinatero. "Chitsulo chanu n'chabwino, sindikukana. Koma popanda nkhuku sindikanaponda."

"Nkhukuzo zinali zingati, agogo?"

"Imodzi."

"Imodzi siikwana kafukufuku. Pamafunika anthu ambiri a nkhuku, ambiri opanda nkhuku, kenaka tifananize."

Ndinati vuto la sukulu yambiri ndi limenelo, munthu amakana zomwe zachitika pamaso pa anthu. Akazi anga anatsokomola pa benchi, n'kupempha madzi.

Usiku umenewo titadya, ndinali ndikadali wotentha. Ndinalengeza kuti thadzi limenelo silidzaphedwa, lidzafa ndi ukalamba, ndipo ndidzaliika m'manda nditalikulunga m'nsalu. Ndinatinso mawa ndikwera minibasi ya ku Limbuli, ndikathokoze mkulu uja ndi kumuonetsa kunyonyomala. Akazi anga anadzuka, anapisa dzanja pamwamba pa khoma pomwe amasunga singano, n'kundiika kanthu m'manja. Kanali kafupa ka ntchafu ya nkhuku, kouma, kokhala ndi mfundo pakati, kolumikizana mokhota ngati chigongono.

"Mukapita ku Limbuliko mukawapatse aka, mukati ndi ntchito yawo," anatero. "Mnzanu uja sakanaimanso mpaka Yesu kubwera. Munamudya nokha Lamulungu lija, n'kupempha msuzi wowonjezera. Ilo likuyenda pabwalolo ndi la achemwali anga, ndipo akhala akulifunsa. Poti tsopano mwendo muli nawo, mawa mulinyamule mukabweze nokha."