Oonera Anafika 900

Bambo amene ali ndi holo ya magemu m'dera lathu kuno ku Busan sakhudza kompyuta. Amangopukuta matebulo ndi kutiphikira chakudya chonga supageti chotchedwa ramyeon. Kale ankapikisana pa magemu a pa kompyuta pa wailesi yakanema, mpaka anthu a pa intaneti anawanamizira kuti anagonja dala. Tikamakangana za osewera otchuka, iwo amangoti, "Ana inu, khamu lilibe chisoni."

Chisiyireni sukulu, ine ndimaonetsa masewera anga pa intaneti, koma oonera sapitirira asanu. Lachiwiri, ndikuonetsa pa intanetipo, ndinawalozetsa kamera ya foni bambowo. Oonera anafika 900, onse akutukwana: "Wachinyengo uja akadali moyo!"

Bambowo anasuzumira pa foniyo, nawerenga mwakachetechete, kenako anandifunsa:

"Tae-gyun, mwanawe, anthu unkawafuna aja wawapeza tsopano?"

Anandiikira mbale patebulo. Foniyo sindinazimitse.