Dzanja la Esinati Linadikira Adilesi ya Kompyuta

Inde, chikhoti cha ba dokota ndinang'amba ndine. Inu amene mukuyenda nayo nkhaniyi m'komboni ya Kalingalinga, muno mu Lusaka, imvani ndi mbali imene mukuisiya. Pensulo sindigwira, akundilembera ni ba neba, koma mawu ni anga.

Mwana wanga Esinati amaphwanya miyala m'mbali mwa msewu. Ndiyo imatidyetsa. Lachiwiri m'mawa, ana akupita kusukulu, chimwala chinagubuduka pamulu n'kumugwera padzanja lamanja. Ndinakulunga dzanjalo ndi chitenje, n'kuthamanga naye kukiliniki ya pulaiveti ija imene amaitama kuti ili ndi makina ojambula mafupa.

Kujambula anajambula. Ndinaona ndekha pagalasi la kompyuta ya m'chipinda chojambuliramo, mafupa ali zidutswazidutswa ngati miyala yake yomwe. Anatiuza kuti tikhale pabenchi, chithunzi chiyenda chokha kupita pakompyuta ya ba dokota.

Chipinda cha ba dokota ndi chojambuliramo, pakati pali khoma limodzi. Limodzi basi.

Tinakhala. Dzuwa linafika pamutu. Ndinafunsa ba sisita kuti chithunzi chikuyenda ndi ndodo kapena? Akuti malaiti anapita m'mamawa. Atabwera, kabokosi kamene kamagawira makompyuta manambala kanagawa mwatsopano. Ndiye kompyuta ya ba dokota ikugogoda pa nambala yakale ngati pa adilesi ya munthu wosamuka, palibe woyankha, ndipo palibe akudziwa nambala imene kompyuta ya mafupa yapatsidwa.

Ndinafunsa ngati yasamukira ku komboni ya Chaisa. Si iyo ili apo, ikuyaka? Bwanji ba dokota osangonyamuka kukaona pomwepo? Akuti lamulo la pano ni lakuti vonse vipite mu sisitemu, ba dokota sayendayenda m'vipinda. Ndinati basi tipite kuchipatala chachikulu. Akuti kumeneko mukayambanso mzere, dikirani, wokonza makompyuta ali pa Kaunda Square, afika manje manje, posachedwa pompano.

Manje manje wawoyo anadya tsiku. Ana anaweruka kusukulu tili pabenchi pomwepo. Zala za Esinati zinada, n'kuzizira ngati mpope wa m'mawa. Mzimayi amene pobereka sanalirepo anayamba kuluma chitenje.

Ndinakankha chitseko. Ndinapeza ba dokota akubaya manambala mmodzimmodzi, kulosera ngati sing'anga wa ula, dzanja lina lili m'pepala la nshawa, akutafuna mtedzawo.

"Ba mbuya, yendani mukankhale panja. Pano si pa maliketi."

Pamenepo m'maso mwanga munachita mdima. Ndinawagwira pakolala n'kuwazula pampando. Anthu amaiwala kuti manja awa anakulira khasu. Mpando unagwa, nshawa mbwee pansi, chikhoti kwee mpaka m'chiuno. Ndinawakoka ngati mbuzi yokana kukhola. Mlonda anabwera n'kundimenya ndodo pamsana. Ndinamuluma pamkono. Anandipotokola n'kundiponya pabenchi, dzino langa linatsala pasimenti. Koma ba dokota ndinali nditawafikitsa pakhomo la chipinda chojambuliramo.

Anaona galasi lija. Kenako anakuwa:

"Mutengeni ku chipatala chikulu. Manje!"

Tikudikira takisi, wokonza uja anatulukira, botolo la maheu m'manja. Anabaya pang'ono pakompyuta ya mafupa, iyo n'kunena yokha nambala yake. Anakailemba pa ya ba dokota, chithunzi n'kutuluka. Ine kumanga duku ndimachedwa kuposa apo. Akuseka, akuti makinawo ukawafunsa amayankha, ndipo anawauza kalekale eni kiliniki kuti nambalayo aikhomere pamalo amodzi isamasunthe malaiti akapita. Mu Lusaka muno, mmene malaiti amapitira ngati mwamuna wa mitala!

Tsono ndifunse. Aliyense mmenemo ali ndi pepala la sukulu, ndipo palibe anadziwa kufunsa kompyuta nambala yake? Mwina sanadziwe. Nanga miyendo nayo imafuna adilesi? Sisitemu imeneyi ndi mpongozi wanu, kuti muziiopa kuposa magazi a munthu?

Inu a kukiliniki, mwatumiza mawu kuti mundimangitsa chifukwa cha chikhoti. Bwerani. Ine sindisamuka malaiti akapita. Ndipo inu anzanga a m'komboni, akakuuzani kuti kompyuta yasowa adilesi, musakhale pabenchi. Nyamulani wodwala wanu, thawani.

Kuchipatala chachikulu anamudula Esinati zala ziwiri, chala chachikulu ndi cholozera. Anatifunsa kuti tinali kuti tsiku lonse, poti tikanafika m'mawa mwina akanazipulumutsa.

Eni kiliniki, sindikufuna pepani wa pafoni. Mubwere pamsewu pamene pali mulu wake, mukhale pansi pafumbi, mumuonetse mwana wanga kagwiridwe ka hamala ndi zala zitatu.