Waya Wofiira wa pa Kachulu

Masiku ano a Dunstan a kwa Mwambo amamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo mukawabweretsera wailesi amakubwezerani osaitsegula n'komwe. Achinyamata amati mkuluyu zamagetsi sazidziwa. Bodza lenileni. Kale wailesi ikafa, kuyambira pa Kachulu mpaka kwa Kuntumanji, inkathera m'manja mwawo.

Lusolo adabwera nalo kuchokera ku Joni, kumigodi, kumene adadyera mbale imodzi ndi mnzawo Rashidi. Pobwerera, a Dunstan adanyamula bokosi la zipangizo. Rashidi, munthu wokonda kutchuka, adanyamula wailesi yaikulu ndi makina otulutsa malisiti, n'kutsegula lesitilanti padoko la Kachulu. Asodzi ankati akaitanitsa mpunga wa mlamba, Rashidi n'kudina batani, makina n'kulira, kapepala n'kutuluka. Kapepalako ankapita nako pawindo la khitchini, pomwe mayi Mwanabibi, mkazi wa Rashidi, ankapakula. Ena ankabwera ali okhuta, kudzangoona pepala likudzilemba lokha.

Magetsi padalibe. Makinawo ankayendera batire ya galimoto, ndipo adalumikiza ndi a Dunstan: waya wofiira uku, wakuda uko. Akafa makinawo, uthenga unkapita, iwo n'kupalasa njinga. Ankayamba kupala mitu ya batire, chifukwa mphepo ya nyanja ya Chilwa ili ndi mchere umene umadya chitsulo. Kenako ankatsata waya ndi zala, kufufuza poti khoswe waluma. Pomaliza ankayang'ana fyuzi.

Chaka chimene anthu adayamba kunong'onezana za zipani zambiri, fyuzi idayamba kupsa kawirikawiri. A Dunstan sadavutike kudziwa chifukwa. Mawaya ankawapeza atasinthanitsidwa, wofiira pamalo pa wakuda, ndipo khoswe sasinthanitsa mawaya.

"Achimwene, batireyi mukumapita nayo kuti?" adafunsa tsiku lina ali awiri.

Rashidi adayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Kuwailesi, kuchipinda. Ndimamverako nyumba zoulutsira mawu zakunja. Kumeneko ndiye akunena zoona za dziko lino."

"Mupala moto kudambwe. Ayufi a chipani akamva, mutha ngati makatani."

"Amva kwa ndani? Mukudziwa ndinu nokha."

A Dunstan adasunga pakamwa. Mayi Mwanabibi akadandaula kuti makina akufa bwanji chonchi, iwo ankanamizira mchere wa m'nyanja. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, ankatero mumtima, poganiza kuti mawa adzazima zawo.

Ndiye kudabwera tcheyamani wa chipani wa dera lonselo, kudzachititsa msonkhano padoko. Atamva za makina odabwitsa, adati akufuna kudina yekha batani. Anthu adadzaza mpaka m'mawindo, amayi ovala nsalu zachipani akuimba panja. A Dunstan adaima kumbuyo mtima uli m'malo, poti dzulo lake adali atakonza zonse.

Tcheyamani adakweza chala kuti onse achione, n'kudina. Zii. Adadinanso mwamphamvu. Zii. Kumbuyo msodzi wina adalephera kudzigwira, adaseka, ndipo kuseka kudafalikira mpaka panja. Nkhope ya tcheyamani idachita mdima. Masiku amenewo kuchititsa kuti munthu wachipani asekedwe pagulu kunkatengedwa ngati kunyoza boma.

"Wakonza zondichititsa manyazi ndani?" adafunsa.

A Dunstan adadziponya okha kutsogolo, kuti apulumutse mnzawo. Atagwada pansi pa kauntala adapeza zomwe ankaziopa: wofiira pamalo pa wakuda, fyuzi yapsa. Rashidi adali atamveranso wailesi yake, tsiku lalikulu ngati limenelo likubwera. A Dunstan adabwezera mawaya m'malo mwake, n'kusolola kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kukulunga fyuzi ija.

"Chinavuta n'chiyani?" adafunsa tcheyamani.

"Mchere, bwana. Mphepo ya kunyanja kuno imadya..."

"Mchere umasuntha mawaya? Ndakuona ukuwasinthanitsa. Alipo anawagwira. Iwe mwini malo, amagwira mawaya amenewa ndani?"

A Dunstan adatembenukira kwa Rashidi. Padali zambiri zoti Rashidi akadanena: kuti mwina ana, mwina posesa, mwina batire inagwa. Bodza lililonse likadawatulutsa onse awiri. Rashidi sadawayang'ane.

"Bwana tcheyamani, ine za mawaya sindizidziwa. Amagwira ndi bambo awa okha. Dzulo anali pompano." Akadalekera pomwepo, bwenzi tikuti ndi mantha. Koma adawonjeza. "Ndiponso anthu okonza mawailesiwa amamvera zambiri zakunja. Ine ndimangowapatsa ganyu, kwawo sindikudziwa bwino."

Ganyu. Munthu amene adagona naye chipinda chimodzi kumigodi, amene adamupangira phala atadwala chifuwa. Mawu adali pakamwa penipeni: lowani kuchipindako, mukaone pamene singano ya wailesi yaloza. Chitseko chake chidali pomwepo, kuseri kwa kauntala. Koma pawindo la khitchini padali mayi Mwanabibi, mwana kumsana, chipande chili m'manja. A Dunstan adameza mawu aja, ndipo adawawa ngati ndulu.

Ayufi awiri adawagwira m'malamba. Bokosi la zipangizo lidatayidwa m'matope a padoko, iwo n'kukakhala m'chitokosi miyezi ingapo, kumene adasiya mano awiri akutsogolo. Koma mukawafunsa lero, za manozo sadandaula. Chimene chimawapweteka n'chimene chidachitika asadatuluke pakhomo la lesitilanti.

Rashidi adapukuta batani ndi mpango wake, n'kuwerama mwaulemu. "Tayesaninso, bwana. Wosokoneza uja wachoka."

Tcheyamani adadina. Makina adalira bwinobwino, kapepala n'kutuluka koyera, zilembo zooneka, ntchito ya manja a a Dunstan. Amayi adaimba nthungululu, anthu adaomba m'manja. A Dunstan, akukokedwa, adacheuka kuti mwina mnzawo awayang'ana kamodzi kokha, ngakhale ndi diso lopepesa. Rashidi adali akuomba m'manja kuposa onse.